Mmene lamulo loletsa mowa linalemeretsera zigawenga ku America

Chisanafike chaka cha 1920, mizinda ikuluikulu ya ku America inali nazo kale zigawenga, koma zinali zigawenga za m'makwalala. Ku New York ndi ku Chicago kunali timagulu ta anyamata ovuta, gulu lililonse ndi kadera kake, kadyedwe kawo kali kuba, kuyendetsa njuga, kulondera nyumba za mahule ndi kuopseza eni timasitolo kuti azipereka kangachepe. Bwana wawo weniweni anali wandale wa m'deralo. Iye ndiye ankawatuma kukamenya otsutsa pa tsiku la chisankho, iye yemweyo n'kukawatulutsa akagwidwa ndi apolisi. Pofika 1933 zinthu zinali zitatembenuka. M'mizinda ingapo wandale ndiye ankakagwada kwa chigawenga, ndipo magulu aja anali ndi mafakitale, sitima zapamadzi, malole, maloya ndi akalaliki osunga mabuku a ndalama. Chimene chinalowa pakati ndi lamulo limodzi, loletsa mowa m'dziko lonselo, pa nyengo imene eni ake amaitcha Prohibition.

Amene anamenyera lamuloli tiyenera kuwachitira chilungamo, chifukwa vuto limene ankalira nalo linali lenileni. Mabala a nthawi imeneyo anali a amuna okhaokha, ndipo m'madera a anthu ogwira ntchito m'mafakitale anali ponseponse. Bambo akalandira malipiro ankayamba wadzera kumeneko. Kunyumba kunkafika zotsala, mwinanso nkhonya. Mkazi analibe voti, kuthetsa ukwati kunali kovuta, ndipo nkhanza za m'banja apolisi sankaziwerengera ngati mlandu. N'chifukwa chake amayi ndiwo anali patsogolo. Mu 1874 anakhazikitsa bungwe la Woman's Christian Temperance Union, ndipo cha m'ma 1900 Mayi Carrie Nation, amene mwamuna wawo woyamba anafa ndi uchidakwa, ankalowa m'mabala a ku Kansas ndi kankhwangwa n'kuphwanya mabotolo ndi magalasi. Aliyense amene anaonapo banja likupasuka chifukwa cha mowa sangawaseke amayi amenewa.

Koma amene anaifikitsa nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo ndi bungwe lina, Anti-Saloon League, lobadwira ku Ohio mu 1893, pamodzi ndi katswiri wake wa ndale Wayne Wheeler. Wheeler za chipani analibe nazo ntchito, ngakhalenso zoti phungu mwiniwakeyo amamwa kapena ayi. Funso linali limodzi: uvotera kuletsa mowa? Ukakana, mipingo ya m'dera lako inkauzidwa kuti ivotere mnzako, ndipo pa chisankho chothinana mavoti ochepawo ankakugwetsa. Aphungu anayamba kumuopa. Zipsinjo zimene zinatsala zinali ziwiri. China chinali ndalama, pakuti msonkho wa mowa unkabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za boma lalikulu. Chimenechi chinachoka mu 1913 dziko litavomereza msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza. China chinali mphamvu ya eni makampani ofulula mowa, mabanja a Busch, Pabst, Schlitz ndi Miller, onse ochokera ku Germany. America italowa nkhondo yolimbana ndi Germany mu 1917, mawu awo anatha mphamvu. Tisabisenso kuti m'chikhamu chofuna lamuloli munali ena amene vuto lawo silinali mowa koma omwawo: obwera a ku Ireland, Italy ndi kum'mawa kwa Ulaya, Akatolika ndi Ayuda, amene anadzaza mizinda n'kumachitira misonkhano yawo ya ndale m'mabala momwemo.

Kusintha kwa nambala 18 kwa malamulo oyendetsera dziko kunavomerezedwa mu Januwale 1919, n'kuyamba kugwira ntchito pa 17 Januwale 1920. Lamulo lofotokoza kayendetsedwe kake, Volstead Act, linati chakumwa chilichonse chimene ukali wake ukupitirira 0.5 peresenti ndi choledzeretsa. Ambiri amene anavomereza ankaganiza kuti akuletsa wisiki ndi jini basi, anadzidzimuka kuona kuti mowa wamba ndi vinyo zalowanso m'khola lomwelo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lamulo linaletsa kupanga, kugulitsa, kunyamula, kulowetsa ndi kutulutsa mowa m'dziko. Silinaletse kumwa, ndipo wogula sanali wolakwa. Amene anali ndi ndalama anadzaziratu zipinda zapansi pa nyumba zawo tsiku lisanakwane, ndipo mowa umenewo unali wololedwa. Anthu mamiliyoni ambiri anatsala ndi ludzu lawo, ndalama zili m'thumba, chikumbumtima chili mbee. Chimene chinachoka ndi wogulitsa wovomerezeka yekha. Tsono malonda akakhala ovomerezeka, mnzako akakubera katundu umapita kupolisi, akaphwanya pangano umakam'sumira kukhothi. Malonda oletsedwa alibe kokadandaula. Ntchito ya khothi inatsalira mfuti, ntchito ya laisensi inatsalira chiphuphu, ndipo amene anali nazo kale ziwirizi m'manja anali anyamata a m'makwalala aja.

Ngakhale zinali choncho, woyamba kulemera koopsa sanali wa m'makwalala. George Remus anali wogulitsa mankhwala amene pambuyo pake anaphunzira zamalamulo n'kukhala loya woteteza oimbidwa milandu ku Chicago. Ataona mmene makasitomala ake atsopano ankalipirira ndalama zambiri osaphethira, anakhala pansi n'kuliwerenga lamulolo mwachifatse. Anapeza kuti wisiki amene anali kale m'nyumba zosungiramo katundu ankaloledwa kugulitsidwa ngati mankhwala: dokotala ankatha kulembera wodwala paindi imodzi pa masiku 10 alionse. Remus anasamukira ku Cincinnati, kufupi ndi kumene kunali wisiki wambiri wotereyu, n'kugula mafakitale otcheza mowa amene anatsekedwa, pamodzi ndi makampani ogulitsa mankhwala. Kampani yake ina inkagula wisiki kwa kampani yakenso ndi zikalata za boma zonse zili bwinobwino, kenaka panjira anyamata ake omwe ankalanda malolewo n'kukatsitsa katunduyo pafamu ina kunja kwa mzinda. Wogulitsa anali iye, wogula iye, wakuba iyenso. Mu 1924 anauza komiti ya Senate kuti anapereka madola masauzande mazanamazana kwa Jess Smith, mnzake wapamtima wa mkulu wa zamalamulo m'boma, Harry Daugherty, kuti asamangidwe. Anamangidwabe. Ali m'ndende ku Atlanta, mkazi wake Imogene anagwa m'chikondi ndi wapolisi wa boma wolimbana ndi mowa, Franklin Dodge, ndipo awiriwo anagulitsa chuma chake. Mu 1927 Remus anamuwombera mkaziyo masanasana m'paki ku Cincinnati, anadziimira yekha pamlandu, ndipo khothi linati anali atasokonezeka mutu.

Mipata ina inali yocheperapo koma yambiri. Vinyo wa pa mapemphero ankaloledwa, ndipo anthu onamizira kukhala atsogoleri a chipembedzo anachuluka. Kufinya madzi a zipatso panyumba kunkaloledwa, choncho alimi a mphesa a ku California, m'malo mogwa, anawonjezera minda.

Mowa wabwino unkachokera kunja. Panyanja ya Atlantic, kungopitirira mamailosi atatu kuchokera kugombe, kunali kunja kwa ulamuliro wa America. Sitima zodzaza ndi wisiki ndi ramu zochokera ku Nassau ku Bahamas, komanso ku tizilumba ta France ta Saint-Pierre ndi Miquelon, zinkangoima pamenepo mondondozana moyang'anana ndi New York ndi New Jersey. Malowo anawatcha Rum Row. Usiku maboti aliwiro ankapita kukatenga, ena atawaika mainjini a ndege zotsala pankhondo, moti asilikali olondera gombe sankawapeza. Mu 1924 America inagwirizana ndi Britain kukankhira malirewo kutali, mtunda wa ola limodzi pa boti, koma zotsatira zake zinali zakuti ozembetsa ang'onoang'ono anagwa, n'kutsala okhawo okhala ndi mpamba wogulira maboti akuluakulu. Kumpoto kunali Canada, kumene kupanga mowa wotumiza kunja kunali kololedwa ndipo boma linkatolerapo msonkho. Pakati pa Windsor ku Canada ndi Detroit ku America pali mtsinje wokha. Kaboti kakang'ono kankalembetsa kuti kakupita ku Cuba, n'kubwerako tsiku lomwelo kudzatenga wina. M'nyengo yachisanu madzi akaundana, magalimoto akale ankawoloka pamwamba pake. Mbali ya Detroit ankalamula ndi a gulu la zigawenga la Purple Gang, ndipo mbali ya Canada banja la Bronfman linakula mpaka kugula kampani ya mowa ya Seagram mu 1928 n'kukhala anthu olemekezeka.

Mowa wotero unali wa olemera. Wosauka ankamwa zina, ndipo gawo ili la nkhaniyi ndi limene limandiwawa kwambiri. Mafakitale a penti, perefyumu ndi mankhwala ankafunabe spiriti, ndiye boma linkalamula kuti azithiramo zinthu zoipa kuti asamweke. Zigawenga zinkaba spiritiyo n'kulemba ntchito akatswiri oti amuyeretse, kenaka kuthiramo madzi, utoto ndi zonunkhiritsa, n'kumata chizindikiro chabodza cha ku Scotland. Boma litaona izi, kumapeto kwa 1926 linalamula kuti poizoni awonjezedwe, makamaka methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho anthu ambiri anafa ku New York. Dokotala wamkulu woyeza mitembo mumzindawo, Charles Norris, anadzudzula boma poyera kuti likudziwa kuti anthu amwa ndithu koma likuthirabe poizoni. Wheeler anayankha kuti womwa spiriti wa m'fakitale akudzipha yekha. Mu 1930 kunagwa tsoka lina: mankhwala otchipa a Jamaica ginger, amene osauka a kum'mwera ankamwa m'malo mwa mowa, opanga ena anathiramo mankhwala a m'mafakitale pofuna kunamiza oyeza a boma, ndipo anthu masauzande ambirimbiri anafa miyendo, ena mpaka moyo wawo wonse. Ndikaganizira zimenezi ndimaona kuti lamulo lobwera kudzapulumutsa banja la wosauka linafika pomaona imfa yake ngati mtengo woyenera kulipira.

Nanga olondera lamulo anali kuti? Poyamba boma lalikulu linalemba anthu pafupifupi 1,500 okha kuti ayang'anire dziko lonse, magombe ndi malire omwe. Malipiro anali ochepa, ndipo mpaka 1927 ntchitoyi inkaperekedwa ndi andale kwa anthu awo popanda mayeso. Munthu wotero akapatsidwa ndalama zoposa malipiro a mwezi kuti angoyang'ana kumbali lole ikamadutsa, ambiri ankayang'anadi kumbali, moti oposa 1,000 anachotsedwa ntchito chifukwa cha ziphuphu ndi milandu ina. Zigawo zinkayenera kuthandiza, koma Maryland sinapange n'komwe lamulo lake, ndipo New York inafafaniza lake mu 1923. Mabala obisika, otchedwa speakeasy, mkulu wa polisi wa New York anawayerekeza kuti analipo 32,000 mumzindawo. Ku Seattle wozembetsa wamkulu, Roy Olmstead, anali wapolisi waudindo asanayambe malondawo. Ku White House, Pulezidenti Warren Harding ankatulutsa wisiki posewera makadi ndi anzake. Mu 1930 munthu wina dzina lake George Cassiday analemba m'nyuzipepala ya Washington Post kuti kwa zaka 10 wakhala akuperekera mowa kwa aphungu mkati mwenimweni mwa nyumba za Congress. Wapolisi wamba poona zonsezi akanakaniranji envelopu?

Chicago ndi kumene zonsezi zinaonekera poyera. Mfumu ya nyumba za mahule kumeneko inali Big Jim Colosimo, ndipo wachiwiri wake anali Johnny Torrio, munthu wofatsa, wosakonda phokoso, amene anaona msanga kuti chuma chili mu mowa. Colosimo ankazengereza. Mu Meyi 1920 anamuwombera pakhomo pa lesitilanti yake, palibe amene anamangidwa, ndipo Torrio anatenga mpando. Nzeru yake inali ya munthu wabizinesi: anagwirizana ndi eni mafakitale a mowa amene anatsekedwa kuti azifululabe mobisa, n'kuitana magulu onse a mumzinda kuti agawane madera. Kumpoto kunapita kwa Dean O'Banion, dera la ochokera ku Italy lotchedwa Little Italy kwa abale a Genna, amene ankagawira mabanja osauka a ku Sicily zipangizo zotchezera mowa m'nyumba n'kumawalipira tsiku ndi tsiku. Aliyense adye kwake, ankatero Torrio, ndalama zikwanira tonse. Meya William Hale Thompson, wodziwika kuti Big Bill, sankawavutitsa. Mu 1923 atalowa meya wina wolimba, William Dever, Torrio anasamutsira likulu lake m'katauni koyandikana ka Cicero, ndipo pa chisankho cha kumeneko mu Epulo 1924 anyamata ake anaima ndi mfuti pamalo ovotera kuti anthu awo apambane. Amene ankatsogolera anali mnyamata amene Torrio anamuitanitsa kuchokera ku Brooklyn, Al Capone. Mkulu wake wa Capone, Frank, anaphedwa ndi apolisi tsiku lomwelo.

Mtendere wa Torrio unasweka pa nkhani imene kwina kulikonse ikanathera kukhothi. Mu Meyi 1924 O'Banion anagulitsa kwa Torrio gawo lake la fakitale ya mowa ya Sieben pa madola 500,000, akudziwa kuti apolisi akubwera kudzaitseka. Torrio anagwidwira pomwepo, ndipo popeza unali mlandu wachiwiri, ndende inali yosapeweka. Akanakasuma kwa yani kuti wandipusitsa pa fakitale yoletsedwa? Mu Novembala chaka chomwecho amuna atatu analowa m'sitolo ya maluwa ya O'Banion, moyang'anana ndi tchalitchi cha Holy Name, mmodzi anamugwira dzanja ngati akupereka moni, enawo n'kuwombera. Mu Januwale 1925 anzake a O'Banion anabwezera pomuwombera Torrio pakhomo pake. Anapulumuka, koma anati zakwana, n'kusiyira zonse Capone, amene anali ndi zaka 26.

Zaka zinayi zotsatira zinali za maliro okhaokha. Mu Epulo 1926 anaphedwa woimira boma pamilandu, William McSwiggin, ali pakati pa ogulitsa mowa ku Cicero. Mu Seputembala mdipiti wa magalimoto unadutsa pa hotela ya Hawthorne, likulu la Capone ku Cicero, n'kuthira zipolopolo pafupifupi 1,000 Capone atagona pansi m'kati. Mwezi wotsatira Hymie Weiss, wolowa m'malo mwa O'Banion amene anatuma magalimotowo, anagwa pafupi ndi tchalitchi chija. Mfuti imene inatchuka inali ya Thompson, yopangidwira nkhondo koma yogulika m'sitolo nthawi imeneyo. Mu 1927 Big Bill Thompson anabwerera pa umeya atalonjeza kutsegula mzinda, ndipo pa chisankho cha chipulula cha 1928 mabomba anaphulika m'nyumba za andale. Capone ankalankhula ndi atolankhani momasuka, n'kumati iye ndi wabizinesi wongopereka zimene anthu akufuna. Mawuwa anali ndi choonadi chake, pakuti makasitomala ake anali oweruza, andale ndi anthu olemekezeka. Chimene sankanena n'chakuti mwini bala amene wakana kugula mowa wake ankamuphwanyira bala kapena kumuphulitsira bomba.

Pa 14 Febuluwale 1929 amuna anayi, awiri atavala yunifolomu ya polisi, analowa m'galaja ya pa 2122 North Clark Street, anaimika amuna asanu ndi awiri a mbali ya Bugs Moran, amene tsopano ankatsogolera gulu lija la O'Banion, kuyang'ana kukhoma, n'kuwapha onse. Ophedwawo sanalimbane, chifukwa kubwera kwa apolisi kunali chizolowezi chimene chinkathera pa kupereka ndalama. Moran mwiniwake anachedwa kufika. Capone anali ku Florida, ndipo palibe amene anaweruzidwa pa imfazi. Koma zithunzi za mitembo zinatuluka m'nyuzipepala dziko lonse, ndipo Pulezidenti Herbert Hoover analamula kuti munthuyu agwe.

Ambiri amadziwa za Eliot Ness, wapolisi wa boma wolimbana ndi mowa, ndi kagulu kake kokana ziphuphu, kamene kankaswa mafakitale a Capone. Anamusokonezadi, koma anamugwetsa ndi anthu a msonkho. Mu 1927 Khothi Lalikulu linagamula kuti ngakhale ndalama zopezeka m'njira yoletsedwa ziyenera kukhomeredwa msonkho. Capone analibe akaunti kubanki m'dzina lake, ndipo sankasayina zikalata. Frank Wilson, wofufuza wa nthambi ya msonkho, anafunkha m'milu ya mapepala mpaka anapeza mabuku a nyumba ya njuga ya ku Cicero, amene analandidwa mu 1926 n'kuiwalika, kenaka anasaka kalaliki amene anawalemba, Leslie Shumway. Mlandu usanayambe, woweruza James Wilkerson anamva kuti anthu wamba amene anayenera kugamula mlanduwo agulidwa kale, ndiye m'mawa wa tsiku loyamba anawasinthanitsa ndi a khothi lina. Mu Okutobala 1931 Capone anapezeka wolakwa pozemba msonkho, n'kupatsidwa zaka 11. Anakhala m'ndende ya ku Atlanta, kenaka ya ku Alcatraz, anatuluka mu 1939 chindoko chitamudya ubongo, n'kumwalira mu 1947. Gulu lake silinagwe naye. Frank Nitti, Paul Ricca ndi Tony Accardo analipitiriza mwakachetechete, ataphunzira kuti kutchuka n'kumene kunamupweteka bwana wawo.

Phokoso linali ku Chicago, koma maphunziro okhalitsa anachitikira ku New York. Arnold Rothstein, katswiri wa njuga, ndiye anaika mpamba woitanitsira wisiki ku Britain, n'kulera anyamata monga Lucky Luciano, Meyer Lansky ndi Frank Costello. Kuti botolo lichoke ku Scotland lifike patebulo ku Manhattan pankafunika wogula kunja, kapitawo wa sitima, maboti, malole, nyumba zosungiramo, osindikiza zizindikiro, wonyamula maenvelopu a apolisi, loya ndi wowerengera ndalama. Palibe mtundu umodzi umene ukanakwanitsa zonsezi, choncho a ku Italy, Ayuda ndi a ku Ireland, amene kale ankamenyana pa timadera, anayamba kugwirira limodzi, ndipo mizinda inayamba kugulana katundu. Mu Meyi 1929 akuluakulu a magulu a mizinda ingapo anakumana ku Atlantic City, kwa Nucky Johnson, wandale amene ankalamula mzindawo. Mu 1931 Luciano anakonza imfa ya mabwana awiri achikale, Joe Masseria mu Epulo ndi Salvatore Maranzano mu Seputembala, n'kukhazikitsa bwalo lotchedwa Commission, loweruza mikangano ya mabanja asanu a zigawenga a New York ndi a mizinda ina. Khothi limene boma linawamana anadzipangira okha.

M'ndende munkadzaza ena. Makhothi anathedwa mphamvu ndi milandu ya mowa mpaka anakhazikitsa masiku apadera oti aliyense wovomera mlandu alipire chindapusa chochepa azipita. Wokhala ndi loya wabwino ankatuluka. Otsalira anali operekera mowa m'mabala, madalaivala ndi amayi amasiye otcheza m'khitchini. Mu 1928 mayi wina wa ana 10 ku Michigan anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse chifukwa chogulitsa mowa pang'ono kachinayi. Mu 1929 lamulo la Jones linakweza chilango kufika zaka zisanu ndi madola 10,000 pa mlandu woyamba. M'madera ena, monga Williamson County ku Illinois, a Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho, anadzipatsa ntchito yolondera lamuloli, n'kumathyola nyumba za ogwira ntchito m'migodi ochokera ku Italy.

Kodi ndiye kuti lamuloli silinaphule kanthu? Linaphulako, ndipo ndi bodza kukana. Akatswiri a zachuma amene anafufuza pambuyo pake anapeza kuti m'zaka zoyambirira kumwa kunatsika kufika pafupifupi 30 peresenti ya kale, kenaka n'kukwera kufika pakati pa 60 ndi 70 peresenti. Imfa za matenda a chiwindi zinali zochepa kuyerekeza ndi kale, ndipo alipo ana amene anadya chifukwa bala ya pakona inatsekedwa. Abale athu amene anali ku South Africa mu 2020, boma litaletsa kugulitsa mowa pa nthawi ya Covid-19, anaziona mbali zonse ziwiri m'miyezi yochepa chabe: ovulala anachepa m'zipatala, koma botolo linkapezekabe kuseri pa mtengo wokwera. Ku America zinatenga zaka pafupifupi 14, nthawi yokwanira kuti ogulitsa kuseriwo amange maufumu. Ngakhale kamwedwe kanasintha. Mowa wamba ndi wolemera kunyamula ndiponso wovuta kubisa, choncho ozembetsa anakonda mowa waukali, ndipo anthu amene kale ankamwa mowa wofatsa anazolowera jini wosakaniza ndi madzi a zipatso obisa fungo lake loipa.

Pakati pa amene analigwetsa lamuloli panalinso amayi. Mayi Pauline Sabin, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha Republican, poyamba ankaligwirizana nalo poganizira ana awo. Atatopa kuona aphungu akuvotera kuletsa mowa masana n'kumamwa madzulo, ndiponso achinyamata akulowa m'mabala obisika momwe munalibe wofunsa zaka, mu 1929 anayambitsa bungwe la Women's Organization for National Prohibition Reform, limene mamembala ake anapitirira miliyoni imodzi. Chaka chomwecho chuma cha dziko chinagwa, anthu mamiliyoni anasowa ntchito, ndipo boma linayamba kusirira msonkho umene unkathera m'matumba a zigawenga. Mu 1932 John D. Rockefeller Jr., munthu wosalawa mowa amene anathandiza Anti-Saloon League ndi ndalama zambiri, analengeza kuti lamuloli lalephera. Franklin Roosevelt atalowa pa mpando mu Malichi 1933 anasayina lamulo lolola mowa wa 3.2 peresenti, umene unayamba kugulitsidwa pa 7 Epulo. Pa 5 Disembala 1933 Utah inakhala chigawo cha nambala 36 kuvomereza kusintha kwa nambala 21, kumene kunafafaniza kuja kwa nambala 18. Nkhani ya mowa inabwerera m'manja mwa zigawo, ndi malaisensi, maola otsekera ndi malire a zaka. Mississippi inakhalabe yoletsa mpaka 1966.

Ozembetsa ena anangotenga malaisensi n'kukhala ogulitsa mowa ovomerezeka. Enawo anatenga mpamba, maloya, apolisi ndi andale amene anagula kale, n'kuzilowetsa m'malonda ena: njuga, katapila, mabungwe a ogwira ntchito a pamadoko ndi a madalaivala a malole, ndipo pambuyo pake mankhwala osokoneza bongo. Costello anadzaza makina a njuga ku New York ndi ku Louisiana. Lansky anayendetsa nyumba za njuga ku Florida ndi ku Havana, ndipo mnzake wa paubwana Bugsy Siegel anatsegula hotela ya Flamingo ku Las Vegas mu 1946. Kwa zaka zambiri mkulu wa FBI, nthambi ya boma lalikulu yofufuza milandu, J. Edgar Hoover, sankavomereza kuti pali mgwirizano wa zigawenga wa dziko lonse. Mu Novembala 1957 wapolisi wina wa chigawo cha New York, Edgar Croswell, anadabwa ndi magalimoto apamwamba ambirimbiri panyumba ina m'kamudzi ka Apalachin. Apolisi atatseka msewu anagwira amuna pafupifupi 60 ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, ena akuthawira m'tchire ndi masuti awo. Pakati pawo panali Vito Genovese ndi Carlo Gambino, amene anayamba ntchito yawo ali anyamata m'zaka za mowa woletsedwa, ndipo Gambino anakhalabe mutu wa banja lake mpaka imfa yake mu 1976.